Bedi Lachinayi

Nyumba yathu yeniyeni ya ku M'baluku
inaimira pa mawindo chaka chadzana.
Njerwa zotsala zachita ndere,
abuluzi achitamo lendi yosalipira,
ndipo m'chipinda chomwe chikanakhala changa
mwamera papaya wamwamuna, wosabala.

Koma m'foni yosweka pakona,
yomwe adadi anatumiza kuchokera ku Joni,
ine ndinamaliza kale kumanga.
Kumeneko zonse n'zamakona anayi,
mtengo, nkhosa, dzuwa, ngakhale madzi.
Simenti sakwera mtengo.
Mmisiri sathawa ndi ndalama ya malata
poti mmisiriyo ndine, Asiyatu wa Fomu 2,
womanga ndi zala ziwiri zokha.

Tsono yafika nthawi yokongoletsa.
Pabalaza ndayala kapeti wofiira
ngati wa mumzikiti wa ku Mpondasi.
Nyali ndapachika zisanu ndi ziwiri,
zosadziwa mawu akuti magetsi azima.
Duwa lachikasu ndinalithyola kutali,
kuseri kwa phiri lopanda dzina,
usiku unandipeza m'njira, mivi ikundilondola,
ndinafika ndi timitima tiwiri tokha
koma duwalo lili mumphika, pawindo.

Chithunzi chapakhoma sindisankha ine.
Ndimapachika, ndichotse, ndipachikenso
mpaka masewerawo andipatse chooneka bwino.

Imedi, mlongo wanga wosamva,
anabwereka foni ndili ku madrasa.
Anasiya chitseko pululu,
chilombo chinalowa n'kuphulikira pakhonde.
Ndinalira zenizeni.
Amayi anati, ukulirira njerwa zosagwirika?
Kenaka anapukuta manja m'chitenje,
anasuzumira paphewa langa:
Chitseko chaloza kummwera chimenecho,
Juni akadzafika mudzadya fumbi.
Nanga khitchini ili kuti?
Mashelefu atsike, ine sindine wamtali.

Kuyambira tsikulo ndili ndi kapitawo.
Akaweruka kumsika kogulitsa tomato
amakhala pampasa, ine pambali pawo,
iwo kuloza, ine kuika.
Anakana kapeti wanga, ati asunga mchenga.
Ndinamubwezera iwo atagona.

Lachisanu adadi anaimba pa vidiyo
pafoni ya anzathu oyandikana nawo.
Nkhope yawo inkadukaduka ndi netiweki,
kumbuyo kwawo kuli bedi losanjikiza
ndi majekete a anthu ena.
Ndinayandikitsa foni yanga ku inayo,
ndinawayendetsa chipinda ndi chipinda.
Anaseka: mawindo onsewa,
magalasi ake agule ndani?
Ndinawaonetsa makwerero, nkhokwe ya tirigu,
dziwe la nsomba pansi pa galasi,
mabedi atatu ondondozana,
wobiriwira wa amayi, woyera wanga,
wa Imedi kufupi ndi chitseko kuti aphunzire kutseka.

Anakhala chete.
Ndinayesa netiweki yathawanso.
Kenaka anati, chabwino, mwamanga bwino,
ine ndizigona pakhonde ngati mlonda.
Anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina,
ndipo mayunitsi a eni foni anatha.

Sindinachite dala.
Ndinangowerenga anthu omwe ndimawamva akupuma usiku.

Bedi limafuna matabwa atatu ndi ubweya utatu.
Matabwa ndinali nawo.
Ndinatuluka ndi lumo kukasaka nkhosa,
batire ili pa naini,
magetsi atazima kuyambira m'mawa.
Ndinapeza imodzi kutsidya kwa mtsinje,
inandipatsa ubweya uwiri basi.
Batire pa folo.
Ina ndinaiona patali, paphiri, ikudya udzu,
ndinathamanga osayang'ana maenje.

Foni inathima ndili m'njira.

Mawa ndikatchajitsa kwa a Sumani ometa,
ndasunga kale ndalama yake m'buku la masamu.
Amayi akuti bedilo likhale chakukhoma,
adadi sakonda mphepo ya pawindo.
Mtundu wake sitinagwirizane.
Iwo akuti labuluu.
Ine sindikukumbuka mtundu womwe adadi amakonda.