Akaunti Ilibe Tsidya

Kale ankabwera pa lole.
Fumbi linkawatsogolera kuchokera ku Mlangeni,
ndipo mwana aliyense wa pa Lizulu
ankadziwa kuthamanga n'kukanena kuti: afika.
Azakhali anga, a Nagama,
anasenza makina osokera pamutu,
kuwoloka msewu, mapazi khumi ndi awiri basi,
n'kukatula ku Mozambiki pansi pa mpichesi.
Anyamata olanda katundu anaima tsidya lino
atagwira chikalata
chimene mphamvu yake inkathera pa phula.
Anatenga mipando iwiri, wina wothyoka mwendo,
kenaka anapempha madzi akumwa.
Tinawapatsa.

Lero ndi tsiku la malipiro.
Ndaima pa mzere pa boma pa Ntcheu kuyambira m'mawa,
kutsogolo namwino, kumbuyo msilikali wa kundende,
chiperoni chikutinyambita m'makutu tonse.
M'mutu ndagawa kale:
fizi ya Tiyanjane, feteleza wa mbatatesi thumba limodzi,
mankhwala a amayi, shuga wa pangongole kwa a Kampira.
Ndalowetsa khadi.
Manambala ndaphimba ndi dzanja
monga anatilangizira, kuti wakuba asaone.
Makina andiyankha: K740.

Ndapukuta khadi pa chitenje, ndayesanso.
Makina sachita manyazi kubwereza mawu.

Mkati, mtsikana wa pa kauntala
ndi amene ndinamugwira dzanja polemba 8 mu Sitandade 2.
Akuyang'ana kompyuta, osati ine.
"Madamu, kunabwera chikalata cha khoti.
Ife tikalandira, timangopereka."
Mawu akuwatsitsa ngati akunena za maliro.

Ndinasayina, sindikana.
Zaka zitatu zapitazo Fanuwelo, mng'ono wa malemu amuna anga,
anabwera ndi fomu atavala jekete yobwereka.
Njinga yamoto ya kabaza, alamu,
mungoikapo dzina, ndi mwambo chabe.
Kusayinako sikunatalike kuposa kuyetsemula.
Njinga inapindika pa mphambano ya ku Tsangano.
Fanuwelo ali ku Joni,
ndipo nambala yake imayankhidwa ndi mayi wachizungu
wopepesa kuti munthuyo sakupezeka.

Ngongole yokha ndiyo inatsala pamudzi.
Inabereka chiwongoladzanja,
chiwongoladzanja chinabereka ana ake,
loya anabwera ndi mbale yake,
wotolera ngongole ndi yakenso, yokulirapo.
Masamoni akuti anatumiza, inde,
ku sukulu imene ndinachokako dzana.
Mlandu wanga unazengedwa ine ndili pa bolodi,
choko m'manja,
ndipo mpando wanga wopanda munthu unavomera zonse.

Mlandu suwola, ndimadziwa.
Sindikupempha kuti uwole.
Ndimangofuna nkhope yoti ndiiuze
kuti tengani theka, theka tidye,
kuti mankhwala a amayi atsala a masiku anayi.
Koma amene wandilanda sanadetse nsapato zake.
Galu sanauwe. Loko ali chikhalire.
Palibe wapempha madzi.

Anati ndalama za pansi pa mphasa zimadyedwa ndi chiswe,
bweretsani kuno zisungike.
Zasungikadi.
Akaunti ilibe khomo la kuseri,
ilibe mnansi woti akubisire mbuzi usiku umodzi,
ilibe tsidya.
Sungaisenze pamutu n'kuwoloka nayo msewu.

Kondakitala ndi mwana wa mnzanga wa kumvano,
wati ndidzapereka.
Taonani, ndayamba ina.
Ndatsika pa Lizulu dzuwa litapendeka,
kabichi ataunjikidwa mbali zonse ziwiri za msewu,
wa kwathu ndi wa eni, wofanana mitu.
Ndaima kanthawi pomwe anawolokera azakhali.
Mpichesi uja anadula.

Lolemba m'mawa, masamu, kuchotsera mobwereka.
Ndalemba 42, pansi pake 17.
Ziwiri sizingachotse zisanu ndi ziwiri, ana inu,
ndiye timapita kwa mnansi kukabwereka khumi.
Kumbuyo kwenikweni Limbikani wakweza dzanja,
mamina akuwala pa mlomo:
"Madamu, nanga khumi tabwerekalo
amabweza ndani?"