Kuyesa Pijo pa Msewu wa Chikangawa

Miyezi itatu yakhala pamiyala ku Luwinga,
Pijo ya a Mnyenyembe,
yogulidwa ndalama zikadali mapaundi,
matumbo ake atayalidwa pa chiguduli:
mapisitoni anayi akuda bii ndi mwaye,
maringi opyapyala ngati chibangili cha khanda,
beringi ina yodyeka mbali imodzi yokha
monga chidendene cha nsapato ya wotsimphina.

Geji yanga anabwereka chaka chatha, sinabwerenso.
Ndimayeza ndi chikhadabo:
chikakodwa m'silinda, pamenepo pali bala;
chikatsetsereka, chitsulo chikadali ndi mawa.

Koma galaja imanama.
Injini iliyonse imayimba bwino ili chiimire.
Wodziwa kufunsa ndi msewu.

Fwasani akukankha, ine ndaponda kilachi,
giya yachiwiri, ndasiya,
yatsokomola kawiri, yalavula utsi wabuluu
pa zovala zoyanikidwa za eni ake,
yadzuka.

Pa Katoto akabaza akuwa, "Maliro athawa kumanda!"
A Mnyenyembe sakuwamva.
Jekete la tchalitchi, chipewa pamaondo,
atseka maso, khutu aloza ku boneti.
"Imva," akutero, "kavalavu kachitatu kaja.
Kanayamba kugogoda pa ulendo wa ku Rumphi
mayi ake a Sekanawo ali ndi pakati.
Kugogoda kumeneko usandichotsere."

Sindinachotse.
Ndinayesa. Kanakana.

Tadutsa nyumba zomaliza, chitunda chayamba,
mvula yamawawa, ya kuno kwathu, yosanyowetsa msanga,
waipa imodzi ikupukuta, inzake inapuma kalekale.
Giya yachitatu yalowa ndi kudandaula.
Phazi langa likumva zonse kudzera m'sandasi:
shafti ikuzungulira mosadzima,
pulagi iliyonse ikuyankha pa nthawi yake,
anayi, anayi, anayi, anayi,
ngati ana oitanidwa maina m'kalasi.

Kupitirira Lusangazi chifunga chatimeza.
Mapaini akuoneka theka.
Kenaka fungo la mphira wopserera,
singano ya kutentha ikukwera,
ikukwera kuposa ife,
phwa!

Zii.
Mvula yokha pa denga.

Ndatsegula boneti, nthunzi yandisambitsa kumaso.
Mtima unali pa gasiketi yomwe ndinadula pamanja,
pa pampu ya madzi ya dzimbiri lake lakale,
pa beringi yotsimphina ija.
Ayi.
Onsewo ali phee pamalo pawo, akutentha, ali moyo.
Wadukayo ndi lamba,
lamba wa Lachiwiri lomweli, wa mu Taifa,
zilembo zake zikadali kunyezimira,
chinthu chokhacho chatsopano m'thupi lonseli.

A Mnyenyembe aseka mpaka kutsokomola,
kutsokomola kofanana ndi kwa galimoto yawo.

Watulukira m'chifungamo munthu wa makala,
matumba atatu panjinga, thukuta ndi mvula zasakanikirana.
Sanafunse zambiri.
Wamasula lekeni imodzi pakatundu wake,
ndaipinda patatu, ndamanga mfundo ndi mano,
Fwasani wakatunga madzi m'ngalande ndi chigubu cha oyilo.

Tabwerera pang'onopang'ono, nkhuku ikanatipitirira,
lekeni ikulira ngati mwana wa mbuzi,
singano yakhala pakati, osasuntha.

Madzulo ndasolola dipisitiki,
ndafikisa oyilo pakati pa zala ziwiri pa kuwala kwa foni,
kufuna timchenga ta chitsulo
tomwe injini imataya ikamadzidya yokha.
Tilipo. Tochepa.
Tiwiri kapena titatu, tonyezimira.

M'kope langa lamafuta ndalemba:
makilomita makumi atatu ndi anayi.
Maringi agwira. Utsi wachepa pobwerera.
Oyilo watsika chala chimodzi.
Lamba, kabwezeni.
Pa mzere wa valavu cholembera chaima.
Panja a Mnyenyembe sanatsikebe,
akhala m'galimoto yozima, mumdima,
akumvera chitsulo chikuzizira,
the, the,
the.