Mlamu Wanga Atabwera ku Tete

Mlamu wanga Gwirize anatsika basi ya ku Zobwe
malaya atamatirira pamsana.
Moni anaiwala, anayamba ndi funso:
“Kodi kuno dzuwa limakhala pamtunda wa nyumba zingati?”
Ndinati, mlamu, uno ndi Okutobala,
agalu enieniwo amauwa chogona.
Tiyeni tikadye.

Ndinafuna aone kuti mlongo wake sanakwatiwe ndi mphawi,
ndiye ndinamutengera kumene amadyera mabwana a malasha a ku Moatize,
nyumba yagalasi, chisanu chotuluka m'bokosi la pakhoma,
Zambezi akudutsa pazenera osatiyang'ana n'komwe.
Mnyamata wa tayi yonga gulugufe, Jenito,
anatipatsa buku la zakudya
lolemera ngati kaundula wa ubatizo.

Mlamu Chipwitikizi sachidziwa,
koma manyazi amawadziwa bwino.
Anatsokomola, nayendetsa chala pamizere,
naloza pamene mtengo unanenepa.

Tinadikira. Mafoloko atatu aliyense, osadziwa woyamba ndi uti.

Mbale itafika, mlamu anaweramira, ananunkhiza,
anandiyang'ana ngati ndamubera njinga.
“Ichi si chigwada ichi?”
Jenito anati, “Matapa, bwana.”
Chigwada ndithu, chotendera, chothira kokonati,
tinkhanu tiwiri titakhala pamwamba ngati alendo a paukwati.
“Kwathu ku Ntcheu chimamera kuseri kwa bafa,
timachikumbuka mwezi ukakhala pakati.
Kuno chavala nsapato!”
Anadya komabe, mbale n'kuyera.
Kapepala ka mtengo ndinakabisa msanga m'thumba,
mametikali a theka la thumba la feteleza
atapita ndi masamba a chinangwa.

Madzulo ndinasiya matama.
Tinaloŵa ku Kwachena, kudutsa ogulitsa zitenje ndi mabatire,
kulondola utsi mpaka pa baraka ya Dona Felizimina:
malata anayi, benchi yotsimphina,
mphaka wa khutu limodzi akuyang'anira kasitomala aliyense.
Pamakala panali mbuzi,
mbuzi ya kuno, yokulira paminga ndi masau akugwa okha,
nyama yake yosafuna umboni.
Ndimu, mchere, piripiri wosinja m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
Ndinati, mlamu, pang'ono pokha.
Sanamve.
Misozi inatsika, mphuno inatseguka,
anapempha madzi m'zinenero zitatu,
Dona akuseka mpaka mpeni kugwa,
kenaka anamupatsa malambe oundana m'kapulasitiki
kuti azimitse moto.

Kunabwera pende wowotcha, wong'ambidwa pamsana,
mamba akuthetheka, mnofu woyera ngati thonje.
Mlamu anasiya kulankhula.
Minga anaisanja m'mphepete mwa mbale,
mutu anauyamwa mpaka unalira mluzu.
Pafupi nafe dalaivala wa thiraki ya ku Harare
ankawodzera fupa lili m'manja.

Polipira, Dona analandira ndi manja awiri,
nati, “Takhuta.”
Mlamu anadabwa: “Mayi, wadya ndine,
mwakhuta bwanji inu?”
Dona anapukuta manja pachitenje.
“Kwathu ku Mutarara, mwananga,
kuthokoza ndi kukhuta ndi liwu limodzi.
Wanjala athokoza chiyani?”

Tinawoloka mlatho wapansi, kupita ku Matundo,
magetsi akunjenjemera m'madzi,
mlamu akubwereza liwu lija chapansipansi
ngati mwana wopatsidwa ndalama yachitsulo.

M'maŵa anakwera basi atakumbatira chikowa,
nsomba youma ya mchere wolusa, yokutidwa m'nyuzipepala,
mphatso ya mkazi wake
ndi chilango cha onse okhala naye mpando.
Buku la Jenito sanalitchulenso.
Basi ikunyamuka anatulutsa mutu pazenera,
ndimayesa atsanzika, kapena apereka uthenga wa mlongo wake,
koma anangofuula, anthu onse a pasiteji n'kucheuka:
“Mlamu! Takhuta!
Koma chigwada chija munaberedwa!”