Usiku Umene Yotamu Anabweza Ndalama

Yotamu anati iyi ndi ina,
yabwera m'chikwama cha mlongo wake
amene amasambitsa nkhalamba ku Ulaya.
Tinalipira makwacha awiriawiri pakhomo,
n'kukhala pa mabenchi m'chisakasa chake ku Kapata,
anyamata a njinga thukuta lidakali m'khosi.

Mkazi anaima pa zenera.
Kuwala kunatsika pa tsaya lake
monga mafuta ophikira atsikira m'botolo m'mawa wa Juni,
mwaulesi, mwachikasu.
Tonse tinati zii.
Ngakhale Zelipa anasiya kuswa nshawa.

Anaimabe.
Kunja kwake dziko linali loyera mbee,
mtengo umodzi, khwangwala mmodzi,
msewu wopanda phazi la munthu.

Kenaka mwamuna analowa, anavula chipewa,
anakhala, anayang'ana kapu.
Kapu imeneyo!
Sindinaonepo kapu yojambulidwa mwaulemu chotero,
nthunzi ikukwera ngati ili ndi kwawo.
Mphindi zisanu ndi ziwiri,
a Njobvu anawerenga pa foni.

"Kodi ndi mwamuna wake," anafunsa Zelipa,
"kapena wadzera ngongole?"
Palibe anayankha,
ngakhale filimu yomweyo.

Kwathu kuno munthu akagogoda
amakhala ndi chimene wadzera.
Chidakwa cha ku Mchini chomwe
chimadziwa kunena pamene chinagwera
ndi amene anachikankha,
chimanama, inde, koma umafuna kumva mathero.
Awa anali ndi dzuwa lomvera,
makoma odziwa kugwira mthunzi,
nkhope zoti ungaziike pa kalendala ya m'sitolo,
koma nkhani anaiiwala pa siteshoni
ngati katundu wa munthu wogona m'basi.

Ola litatha magetsi anathima.
Ndinadikira phokoso lija la masiku onse,
"Liza jenereta, tione ngati amupha!"
Panalibe woti aphedwe.
Panalibe woti tim'dere nkhawa.
Anthu anangosasa mathalauza.
Yotamu, tochi ali nayo kukamwa,
anatibwezera kwacha imodziimodzi:
"Theka ndasunga. Zithunzi mwaziona."

M'mawa mwake dzuwa lisanakwere pa Kanjala
ndinapeza Tikambenji pa zenera lathu losweka pakona,
ndipo kuwala kuja, komweko,
kunali kutsika pa tsaya lake.
Zaka khumi ndi chimodzi sindinakuonepo.
Ndinaima pakhomo, nsapato imodzi kumanja.

"Mwaimiranji?" anatero osacheuka.
"Mwana watentha thupi usiku wonse.
Eninyumba abwera kawiri.
Mphwanu wagulitsa njinga ija,
akuti wakwera ya ku Katete ndi mwana wa abusa."

Ndinakhala pa mpando, mtima uli phaphapha,
ndikufuna kudziwa chotsatira,
ndikuopa chotsatira.
Kuwalako sikunachoke,
kunangosendera pang'ono ku khutu lake
pamene ankapinda bulangete la mwana,
nati, "Valani nsapato inayo,
kuchipatala mzere umayamba msanga."