Fungo la Viniga

Zaka zisanu ndi zinayi ndakazinga chipisi ku Kanyama,
mpaka Lachinayi lija chiwaya chinapendekeka,
mafuta n'kundivula khungu kuyambira pa bondo kufika pa kakolo.

Sabata yachitatu m'wodi
bandeji inayamba kubiriwira
ngati madzi oima kuseri kwa msika m'mwezi wa Febuluwale.
Fungo lake lotsekemera moipa.
Mkazi wanga ankabwera ndi malalanje
n'kukakhala kuzenera.
Jakisoni m'mawa, jakisoni usiku,
mkono wonse zipsera, bala osasuntha.

Sisita Tikambenji anati, uku akuvala magolovesi:
"Bambo Zondiwe, tizilombo tanuti si alendonso ayi.
Tagawana mapuloti, tamanga komboni,
tamata ulimbo pamwamba ngati denga.
Mankhwala amafika, amagogoda, amabwerera."

Atatsegula botolo
mphuno yanga inafika kuntchito ine ndili chigonere.
Viniga!
Yemwe uja ndimawaza pa chipisi cha makondakitala.
Ndinaseka mpaka wa pabedi loyandikana anadzuka.
"Sisita, nanga mchere? Kabichi ali kuti?"
Iwo sanaseke.
"Uyu ndi woyeza, wosungunula ku famase.
Musakayese ndi wa pa shelefu panu."

Anaviika thonje, naliyala pabala.
Mayo ine.
Ndinaluma pilo,
ndinaitana amalume amene tinaika kale ku Chingwere,
ndinawerenga ming'alu ya kudenga, n'kuyambiranso.
Mphindi zimenezo zinatalika
kuposa mzere wa magalimoto mumsewu wa Lumumba madzulo.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.
Tsiku lachisanu ndi chimodzi
kubiriwira kuja kunayamba kusamuka cham'mphepete,
mwakachetechete,
ngati wothawa lendi usiku, matilesi pamutu.
Pansi pake panaoneka mnofu wofiira, wa timibulu,
umene dokotala anauyang'ana nthawi yaitali
asananene kuti Lolemba atenga khungu pantchafu
n'kudzalisokera apa.

Ndikadali pano.
Chiwaya chili ndi mlamu wanga,
akuti amapsereza, makasitomala akudandaula,
ndalama sizikukwana ngakhale makala.
Usiku bala limayabwa, sisita akuti ndi bwino, ndisakande.

Dzulo mkazi wanga anachoka kuzenera kuja.
Anakokera mpando pafupi ndi bedi,
nasenda lalanje ndi chikhadabo,
nanunkhiza m'mwamba kamodzi, kawiri,
kenako anati,
"Iwe, ukununkha ntchito."