Mzere wa Pamsana

Zaka khumi ndi zinayi ndawola ndowe za akavalo
pa esiteti ino, m'tsinde mwa phiri la Thyolo.
Mitundu yawo ndinaiphunzira ndi chikhatho, osati m'buku.

Nsuwadzi ndi wa khungu la tiyi wochuluka mkaka,
miyendo yakuda ngati waponda pa lupsa,
manyenje ndi mchira bii,
koma pamsana pali see, palibe cholemba.
Kalonga, amene tinakabwereka ku Mulanje pa lole,
ndi wotuwa ngati gwape wa m'chilimwe
ndipo ali ndi mzere,
kuchokera m'khosi kukafika pa tsinde la mchira,
ngati wina anadutsitsa khala dzanja osanjenjemera.
Alendo amati ndi amodzimodzi. Si amodzi.
Woweruza pa chionetsero amayamba wasuzumira pamsana.

Abwana ankafuna zonse mwa mwana mmodzi,
mkaka wa mayi, mzere wa bambo.
Anakhomeratu msomali wopachikapo riboni.

Miyezi khumi ndi umodzi ndinasefa madeya,
ndinamweta nsenjere mame asanakamuke,
ndinazula nkhupakupa m'makutu.
Usiku wa chiperoni, tochi ndili nayo kukamwa,
ziboda ziwiri zinatulukira, kenako mphuno.
Ndinamupukuta ndi chiguduli, kufunafuna mzere.
Ndinapukutanso.
Wofiira. Psuu,
ngati katondo wa mumsewu wa ku Makwasa mvula itakata.
Mchira wofiira, miyendo yofiira.

M'mawa abwana sanandipatse moni.
Namakhwa, ndani anasiya khola losatseka?
Ndi kavalo wa yani analumpha mpanda?
Ndinalumbira. Analemba kenakake m'kabuku.

Adokotala a ziweto, mayi Khoviwa,
anazula ubweya wa kumchira kwa onse atatu,
nautumiza kutali mu envelopu.
Patatha masabata asanu anabwera pa njinga yamoto.
Ndi majini, anatero.
Ndinabwerera m'mbuyo, ine mkulu wa mpingo.
Anaseka mpaka kugwira mpanda:
osati a kwa sing'anga, bambo.
Chamoyo chilichonse chimasenza timitolo tiwiritiwiri,
kena ka bambo, kena ka mayi.
Mkaka uja ndi mwayi, ngati kuponya ndalama m'mwamba.
Mzere wa Kalonga, chimodzimodzi.
Koma kufiira n'kofatsa,
kumakhala chete kuseri kwa kuda,
kumagona mwa mayi, mwa agogo, mwa agogo a agogo,
mpaka tsiku limene kwakumana ndi kunzake.
Onse awiri anali nako. Mwana ndi wawo.

Abwana anafufuta zija m'kabuku.
Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe ya udzu
n'kukhala pa ndowa yovundikira.

Ku Thekerani, chaka cha njala chija,
Eluby anandiberekera mwana wamkazi
woyera, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga.
Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mkono wanga.
Eluby anati malume a mayi ake anali chomwecho.
Ndinati malume amene sindinawaone si mboni.
Ndinamanga bulangete ndi wailesi pa njinga
tambala asanalire kachiwiri.
Palibe anazula tsitsi la munthu kuti alitumize kutali.
Woweruza ndinali ine, ndipo pamsana sindinasuzumirepo.

Kamwanako takatcha Katondo.
Sikadzapita ku chionetsero cha otuwa,
msomali uja pano ndimapachikapo chipewa.
Koma kamathamanga!
Kamadumpha ngalande ya m'munda wa tiyi popanda wokatuma,
othyola masamba amaima, madengu kumsana, n'kumakuwa.
Madzulo kamabwera kudzanunkhiza thumba la malaya anga,
kufuna mchere.

Mwana uja akuti ali Sitandade 6.
Akuti amayenda motaya phazi lamanzere kunja.
Ndayang'ana mapazi anga m'matope a m'khola.

Loweruka ndapempha tchuthi.
Ndagula shuga, sopo, makope anayi.
Mawu okayambira ndiye sindinawapeze,
ndipo basi ya ku Thekerani imanyamuka isanadzadze
mseu ukakhala woterera.