Yotsala Imodzi

Lolemba ku Gdańsk, dzuwa lisanaganize n'komwe zotuluka.
Chipale chamata mawindo a kampani yathu ya sitima za katundu,
khofi wanga wazizira kale,
ndipo pa sikirini pafiira ngati diso lodwala.

Kapulagini kakang'ono, kosainira zikalata za msonkho wa padoko,
ndinakatumiza Lachisanu usiku kwa makompyuta mazana awiri.
Ambiri anakalandira ndi manja awiri.
Makumi anayi anakana.
"Zalephereka." Basi, mawu amodzi,
ngati mwana wonyanyala amene wayang'ana kukhoma.

Foni yayamba kulira.
A Szczepan a ku ofesi ya malipiro akuti dzulo zimagwira.
Onse akuti dzulo zimagwira.
Dzulo ndi dziko labwino, kulibe matenda,
koma ine anandilemba ntchito lero.

Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.
Ndatsegula kaundula wa zolakwika, mzere ndi mzere,
kusaka mbola.

Khumi ndi awiri mawotchi awo atsalira mphindi zisanu ndi ziwiri,
ndiye seva ikuwayesa akuba obwera ndi makiyi akale.
Ndawakonzera nthawi. Alowa.

Khumi ndi asanu ndi anayi akupunthwa pa kadontho kamodzi
kosokera pakati pa malamulo,
kamene anasiya a Lesław, amene ndinawalowa m'malo.
Iwo pano akuweta njuchi zenizeni ku Kaszuby,
foni sayankha.
Maola atatu ndathera pa kadonthoko,
kochepa kuposa nthata ya pachala changa.
Nditakafufuta ndinaseka ndekha mokweza,
mpaka woyeretsa anazimitsa makina ake kudzandisuzumira.

Asanu ndi atatu mimba zadzaza
ndi zithunzi za phwando la Khirisimasi,
abwana atavala nyanga za pepala, kambirimbiri.
Sindinaone kanthu. Ndangotaya.

Yatsala imodzi.
Nsanjika yachinayi, pakona, pafupi ndi paipi yotenthetsa chipinda,
pa mayi Bogumiła, zaka makumi atatu pa desiki yomweyo.
Wotchi ili bwino, malo alipo, malamulo awongoka.
Vuto n'loti bulawuza yawo sinatsekedwepo
masiku makumi asanu ndi anayi kudza atatu,
ndipo chatsopano sichilowa chakale chikadali maso.

Ndikuti, mayi, titseke kamphindi chabe.
Agwira mbewa ya kompyuta ngati ndabwera kudzalanda.
Kuseri kwa matebulo a manambala kuli tsamba lina:
mapu a nyanja, buluu yekhayekha,
ndi kadontho kobiriwira kakukwawa kumwera kwa Iceland.
"Ziemowit ali mmenemo," akutero. "Amakonza injini.
Tsiku lomwe ananyamuka ndinatsegula."

Ndikufotokoza monga anandiphunzitsira:
tsamba silitayika, tikatsegulanso mukapeza pomwepo,
sitima siyenda ndi bulawuza.
"Ndikudziwa, mwanawe," akutero. "Sindine wopusa.
Koma usatseke."

Kunja ma kireni a padoko akuweramira makontena,
tiramu ikukukuta mano pa njanji zozizira.
Ndili ndi mphamvu yoizimitsa ndili pampando wanga pansi,
batani limodzi, iwo atapita kunyumba.
Sakanadziwa mpaka m'mawa.

Kadontho kena ndakafufuta masana ano osaphethira.
Aka ndakayang'ana nthawi yaitali.
Sikakuoneka kuti kakuyenda, koma kakuyenda.

Ndawasamutsira zosaina zawo pa laputopu yobwereka,
ya kiyibodi yosowa chilembo chimodzi.
Sitima ifika Lachinayi, nyanja ikalola.

Mu lipoti ndalemba: zana limodzi, makumi asanu ndi anayi, kudza asanu ndi anayi.
Abwana abweza uthenga pasanathe mphindi:
"Nanga inayo?"
Pa bokosi la chifukwa pamalowa zilembo makumi awiri zokha.
Ndalemba: "Ikudikira doko."

Mzere umodzi wofiira ukadali pa sikirini panga.
Ndavala jekete, ndazimitsa magetsi,
iwo ndausiya woyaka.